Kusula ogulitsa malonda: malangizo kwa otsogolera gulu

Eni mabizinesi ambiri akafuna munthu wotsogolera ogulitsa malonda amangotola uja amene amagulitsa kuposa anzake onse n'kumukweza pa udindo. Kawirikawiri zimenezi zimapweteka pawiri, chifukwa kampani imataya katswiri wogulitsa koma osapeza mtsogoleri, popeza luso lokopa kasitomala ndi losiyana ndi luso lophunzitsa wina kuti akope yekha. Ngati udindowu wagwera inu, dziwani kuti ntchito yanu yaikulu tsopano ndi kusula anthu.

Musamaweruze wogulitsa poyang'ana ndalama za kumapeto kwa mwezi zokha, chifukwa pofika nthawi imeneyo madzi amakhala atafika kale m'khosi. Muzilemba sabata iliyonse zinthu zimene zimabala ndalamazo: anthu amene wawayendera kapena kuwaimbira foni, amene anafunsa mtengo, ndi amene anagula. Tiyerekeze kuti wina wayendera anthu 40, mwa iwo 20 anafunsa mtengo, koma ogula ndi awiri okha. Ameneyu si waulesi, ndipo kumukalipira kuti alimbikire n'kutaya nthawi. Vuto lake lili kumapeto kwa zokambirana, mwina amagwa mphwayi kasitomala akangonena kuti katundu wadula. Mnzake amene wayendera anthu 8 n'kugulitsa kwa anayi ali ndi pakamwa pabwino, koma sakuyenda mokwanira. Awiriwa sangachire ndi mankhwala amodzi.

Manambala amangoloza pamene pali vuto, koma chimene chikulakwika mumachiona ndi maso anu. Choncho muziperekeza wogulitsa aliyense kukakumana ndi makasitomala, ngakhale kamodzi pa mwezi, ndipo mukafika kumeneko muziugwira mtima. Apa m'pamene atsogoleri ambiri amaphonya: akaona kuti malonda akupulumuka amalanda mawu n'kugulitsa okha, wophunzirayo n'kubwerera ali wamanyazi asanatolepo kanthu, pamene kasitomala naye waphunzira kuti woyenera kulankhula naye ndi bwana basi. Kwa ine, bola malonda a tsiku limenelo atayike. Mukatuluka, yambani mwamufunsa mmene iye mwini waonera, kenako mutchule chinthu chimodzi chokha, monga chakuti anayamba kutamanda katundu asanafunse chimene munthuyo akusowa, kapena kuti anatsitsa mtengo wogulayo asanadandaule n'komwe. Chinthucho muchiyeserere pomwepo, inu mukhale kasitomala wovuta, iye ayankhe mpaka lilime lizolowere. Kudzudzula kuzichitika muli awiriwiri, pamene kuyamikira n'koyenera pamaso pa gulu lonse.

Nkhani ya komishoni, ndalama imene wogulitsa amalandira malinga ndi zimene wagulitsa, imafuna kusamala kwambiri, chifukwa anthu amachita chimene chikuwalipira, osati chimene mumalalikira pa msonkhano. Komishoni ikamaperekedwa katundu akangotuluka, ogulitsa amakongoza aliyense amene wavomera, ndipo bizinesi imatsala ndi mulu wa ngongole zosabwezedwa. Ndi bwino kuipereka ndalama za wogula zikalowa. Lamulo lake lilembedwe, likhale losavuta moti aliyense athe kudziwerengera yekha, ndipo lisasinthidwe pakati pa mwezi chifukwa choti wina wapata zambiri kuposa mmene mumayembekezera, pakuti mukatero akhama onse amabwerera m'mbuyo. Chandamale cha malonda nachonso chichokere pa zimene dera lililonse lakhala likugula m'mbuyomu, osati nambala imodzi kwa onse, chifukwa wina angaoneke ngati katswiri pamene anangopatsidwa dera la chonde.

Mugawe madera kapena makasitomala momveka bwino kuti anthu anu asamalimbirane wogula mmodzi. Mayina a makasitomala, zimene anagula ndi zimene analonjezedwa zizisungidwa m'kaundula wa kampani, kaya ndi buku kaya pa kompyuta, kuti wogulitsa akasiya ntchito asapite nazo zonse mu foni yake, ndipo womulowa m'malo adziwe khomo loyamba kugogoda.