Mmene mphunzitsi angawongolere kaphunzitsidwe kake, chizolowezi chimodzi pa teremu

Pali aphunzitsi amene agwira choko zaka makumi awiri koma akuphunzitsabe monga ankaphunzitsira m'chaka chawo chachitatu, ndipo si chifukwa cha ulesi kapena kusakonda ana ayi. Munthu akangozolowera kuima kutsogolo kwa kalasi, zambiri zimene amachita zimayamba kuchitika zokha, iye osaziganizira: mmene amafunsira funso, mbali ya kalasi imene maso ake amakonda kupita, mawu amene amamuuza mwana akalakwa. Zizolowezi zotere sizisintha chifukwa choti zaka zautumiki zachuluka, ndiponso kawirikawiri sizisintha chifukwa choti munthu wakhala nawo pa maphunziro a masiku atatu n'kubwerako ndi satifiketi. Zimasintha mphunzitsi akaziona ndi maso ake, n'kusankhapo chimodzi, n'kulimbana nacho mpaka ntchito ya ana iyambe kusonyeza kuti china chake chasuntha.

Katswiri wa zamaganizo Anders Ericsson ndi anzake, pa kafukufuku amene anafalitsa mu 1993 wokhudza ophunzira vayolini pa sukulu ya nyimbo ya ku Berlin, anapeza kuti oimba bwino kwambiri anali atathera maola ochuluka kuposa anzawo akuyeserera paokha. Kuyeserera kumene Ericsson ankanena kunali kulimbana mwadala ndi malo amene akukuvuta, pali wina wokuuza ngati wakhoza kapena ayi, osati kungobwereza nyimbo imene zala zinaizolowera kale. Mphunzitsi amene amalowa m'kalasi tsiku lililonse amakhala akuimba nyimbo imene anaizolowera, ndipo malangizo ali m'munsimu ndi othandiza kuti apeze mpata woyeserera mbali imene ikumuvuta.

Yambani ndi kuona zimene zimachitikadi m'kalasi mwanu

Pemphani mphunzitsi mnzanu amene mumamukhulupirira kuti adzakhale kumbuyo kwa kalasi yanu pa phunziro limodzi. Ndi bwino kuti asakhale munthu amene amalemba lipoti la kagwiridwe kanu ka ntchito, pakuti mukadziwa kuti mukuyesedwa mudzakonza phunziro lachionetsero, ndipo mnzanuyo adzaona zimene ana anu saziona masiku ena onse. Musamuuze kuti "mudzandiuze ngati ndaphunzitsa bwino", chifukwa funso lotere limabala mayankho aulemu amene sathandiza aliyense. M'patseni ntchito imodzi yowerengeka. Angajambule mmene ana akhalira papepala n'kumaika kachizindikiro pa mwana aliyense amene mwamufunsa funso, kapena angawerenge masekondi amene akudutsa kuchokera pamene mwafunsa kufika pamene mwatchula woyankha, kapenanso angalembe liwu ndi liwu mafunso onse amene mwafunsa m'mphindi makumi awiri zoyambirira.

Mugwirizane kuti iye adzalemba zimene waona ndi kumva basi, osati maganizo ake. Pepala losonyeza kuti mafunso ambiri anapita kwa ana asanu okhala kutsogolo silifuna ndemanga, ndipo mphunzitsi amalilandira mosavuta kusiyana ndi mawu oti "mumakondera". Mukambirane tsiku lomwelo phunziro lisanazilale m'mutu. Ngati palibe mnzanu amene angapeze nthawi, jambulani mawu a phunzirolo pa foni, mutatsatira malamulo a sukulu okhudza kujambula ana, ndipo mudzamvetsere nokha muli ndi cholembera m'manja.

Sankhani chinthu chimodzi

Mukaona zotsatirazo mtima udzafuna kukonza zonse nthawi imodzi, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chizolowezi chatsopano chimafuna kuti muzichikumbukira pamene mukuganiziranso za phunziro, za nthawi, ndi za mwana amene akusokoneza pakona, ndipo mutu wa munthu sungasenze zatsopano zisanu pamwamba pa katundu ameneyu. Sankhani chinthu chimene mumachita pa phunziro lililonse, choti chingathe kuwerengedwa, ndipo chipatseni milungu isanu ndi umodzi kapena teremu yonse.

Kwa amene akusowa poyambira, ine ndimalangiza kuyamba ndi nthawi yodikira yankho, chifukwa siifuna chipangizo chilichonse ndipo phindu lake limaoneka msanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe wa ku America anamvetsera mawu ojambulidwa a maphunziro a sayansi m'makalasi ambiri, ndipo anapeza kuti aphunzitsi akafunsa funso ankadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanatchule mwana wina, asanabwereze funsolo, kapena asanadziyankhe okha. Aphunzitsi ataphunzira kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana anatalika, ana oyankha kuti "sindikudziwa" anachepa, amene kale ankangokhala chete anayamba kukweza manja, ndipo ana anayamba kupereka zifukwa za mayankho awo. Rowe anaonanso kuti pali kudikira kwachiwiri, kumene kumabwera mwana akamaliza kulankhula, ndipo nthawi zambiri mwana akapatsidwa mpata umenewu amawonjezera mfundo imene akanaimeza mphunzitsi akanamudula.

Masekondi atatu amamveka ochepa, koma kwa munthu woima kutsogolo kwa kalasi yachete amatalika kwambiri, choncho muwawerenge chamumtima. Uzani ana pasadakhale kuti kuyambira lero mukafunsa funso aliyense aziganiza kaye, ndipo palibe wokweza dzanja kufikira inu mutanena. Funsani funsolo kaye, dikirani, kenako tchulani dzina, chifukwa mukayamba ndi dzina ana ena onse amadziwa kuti apulumuka ndipo amasiya kuganiza. Si funso lililonse lofuna kudikira motere: kufunsa tsiku la mwezi kapena liwu limene lalembedwa pa bolodi sikufuna kusinkhasinkha. Koma pa funso loyamba ndi "chifukwa chiyani" kapena "zikanakhala bwanji", kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lekani kudalira funso loti "Mwamva?"

Kalasi ikafunsidwa kuti "Mwamva?" imayankha kuti "Eee" ndi mawu amodzi, ndipo yankho limenelo silikuuzani kanthu, pakuti mwana amene sanamvetse amachita manyazi kunena, pomwe wina sadziwa n'komwe kuti sanamvetse. Mu 1998, Paul Black ndi Dylan Wiliam a ku King's College London anasanthula kafukufuku wambiri wa m'makalasi ndipo anasonyeza kuti ana amapita patsogolo kwambiri mphunzitsi akamafufuza zimene amvetsa phunziro lili mkati, n'kusintha kaphunzitsidwe kake molingana ndi zimene wapeza, ndipo opindula kwambiri amakhala ana amene amatsalira. Mfundo yofunika kuigwira ndi yachiwiriyo: kufufuza kumene sikusintha chimene muchite pambuyo pake n'kutaya nthawi.

Njira yosavuta ndi kufunsa funso limodzi loti mwana aliyense alembe yankho lake ndi zilembo zazikulu papepala kapena pa sileti, kenako onse akweze nthawi imodzi. Luso lagona pa kasankhidwe ka funsolo, chifukwa funso labwino ndi limene yankho lake lolakwa limakuuzani chimene chasokonekera m'mutu mwa mwana. Mukafunsa kuti chachikulu n'chiti pakati pa 0.5 ndi 0.25, mwana wosankha 0.25 wakuuzani kuti akuwerenga manambala a pambuyo pa dontho ngati manambala athunthu, ndiye kuti kwa iye 25 akuposa 5. Mukafunsa chachikulu pakati pa 1/3 ndi 1/8, wosankha 1/8 wakuuzani kuti sanamvetse kuti chinthu chikagawidwa m'zigawo zambiri chigawo chilichonse chimachepa. Mafunso otere sabwera okha munthu ali chiimire, choncho muwalembe m'pulani ya phunziro usiku wake, pamodzi ndi mayankho olakwa amene mukuwayembekezera komanso chimene mudzachite mukawaona. Ngati theka la kalasi lalakwa, imani mufotokozenso ndi chitsanzo china, osati kubwereza mawu omwewo mokweza. Ngati alakwa ana atatu okha, pitirirani ndipo mukhale nawo atatuwo pamene ena akulemba. Barak Rosenshine, amene anasanthula mmene aphunzitsi ochita bwino amagwirira ntchito, analangiza kuti pa nthawi yoyeserera ana azikhoza pafupifupi mafunso 8 pa 10 alionse, chifukwa akamalakwa kwambiri kuposa pamenepo amakhala akuyeserera zolakwazo mpaka kuzizolowera.

Konzekerani kuiwala

Aphunzitsi ambiri amakhumudwa akaona kuti zimene kalasi inakhoza Lachiwiri yaziiwala pofika Lolemba, ndipo ena amayamba kukayikira nzeru za ana. Kuiwala ndi chibadwa cha munthu aliyense. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, amene anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake mu 1885, ankaloweza timawu topanda tanthauzo n'kumadziyesa pakapita nthawi, ndipo anapeza kuti zambiri zimatayika m'maola oyambirira ndi m'tsiku loyamba, kenako kuiwalako kumayenda pang'onopang'ono. Anapezanso kuti kubwereza kotalikirana, kogawidwa pa masiku angapo, kumathandiza kuposa kubwereza kounjika tsiku limodzi.

Mtundu wa kubwerezako nawonso ndi wofunika. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira a ku yunivesite nkhani zoti awerenge. Ena anaziwerenganso, pomwe ena anatseka pepala n'kulemba zonse zimene akanatha kukumbukira. Atayesedwa patapita mphindi zisanu, owerenganso aja ndiwo anachita bwino, koma atayesedwa patapita mlungu umodzi, amene anadzikakamiza kukumbukira anawaposa. Apa pali msampha umene umakola ana ndi akulu omwe: kuwerenganso manotsi kumamupangitsa munthu kumva ngati akuzidziwa chifukwa mawuwo sakhalanso achilendo, pamene kukumbukira wopanda buku kumavuta ndipo kumamveka ngati kulephera, chonsecho ndiko kumakhazikitsa chinthu m'mutu.

Choncho mphindi zisanu zoyambirira za phunziro muzipereke ku mafunso anayi, makope ali otseka: awiri a dzulo, limodzi la mlungu watha, limodzi la mwezi watha. Ana adzichonge okha inu mukupereka mayankho, ndipo musalembe malikisi, kuti asaope kulakwa. Inunso ngati mukuchita maphunziro owonjezera, dziyeseni motere m'malo mongodula mizere m'buku.

Pa nkhani yochonga makope, kafukufuku wa Ruth Butler wa mu 1988, amene anachitika pakati pa ana a sukulu ku Israel, anasonyeza kuti ana amene analandira ndemanga zokha anawongolera ntchito yawo yotsatira, pamene amene analandira malikisi okha, ngakhalenso amene analandira malikisi pamodzi ndi ndemanga, sanawongolere. Mwana akaona nambala amayang'ana ya mnzake, ndipo mawu anu sawawerenganso. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku lembani chinthu chimodzi choti akonze, monga "sonyeza mmene wapezera yankho pa funso lachitatu", ndipo m'patseni nthawi m'kalasi yoti akonzedi.

Sungani umboni, ndipo gwirani ntchitoyi ndi anzanu

Khalani ndi kope laling'ono limene mudzalembamo mizere itatu kapena inayi phunziro likatha: chimene munayesa, chimene ana anachita, ndi chimene mudzasinthe mawa. Lembani zooneka, monga mayina a ana amene ayankha koyamba mlungu uno kapena yankho lolakwa limene labwera kangapo, osati mawu ngati "phunziro linayenda bwino". Pakatha milungu itatu pemphani mnzanu uja abwerenso adzawerenge chinthu chomwecho ndi njira yomweyo, kuti mapepala awiriwo muwaike pamodzi. Musadabwe ngati m'mlungu woyamba zinthu zikuoneka ngati zaipiraipira, pakuti ana nawonso amakhala akuzolowera mphunzitsi amene wasiya kuwayankhira mafunso.

Ku Japan aphunzitsi akhala akuchita zofanana ndi zimenezi m'magulu kwa zaka zoposa 100, m'njira imene amaitcha jugyō kenkyū, kutanthauza kufufuza phunziro. Aphunzitsi angapo amakonza phunziro limodzi pamodzi, mmodzi amaliphunzitsa, ena amaonerera ndi kulemba zimene ana akunena ndi kuchita, kenako onse amakhala pansi n'kukambirana pamene ana anakodwa ndi chifukwa chake. Chimene ndimachikonda m'njirayi n'chakuti phunzirolo ndi la gulu lonse, motero likapanda kuyenda palibe amene amachita manyazi payekha, ndipo zokambirana zimakhala za mmene ana akuganizira osati za khalidwe la mphunzitsi. Aphunzitsi atatu a phunziro limodzi angayambe ndi mutu umene umavuta ana chaka ndi chaka, kamodzi pa teremu, atapempha mphunzitsi wamkulu kuti awakonzere ndondomeko ya nthawi yoti awiri athe kukaonerera wachitatu.

Teremu ikamatha tsegulani kope lija ndi mapepala a mnzanu. Ngati chizolowezicho chayamba kuchitika chokha inu osachikumbukira, ndipo makope a ana akusonyeza kusintha, chisiyeni chizipitirira ndipo muitanenso mnzanuyo adzawerenge chinthu china. Ngati mukuchichita koma ana sanasinthe, yang'anani mafunso amene mukufunsa, chifukwa kudikira masekondi atatu pa funso loyankhidwa ndi "inde" kapena "ayi" sikungatalikitse yankho la mwana, ndipo mwina ntchito ya teremu yotsatira ikhala yolemba mafunso atatu abwino phunziro lililonse lisanayambe.