Momwe mungadzutsire holo yakale ya zisudzo pa boma panu

Maboma ambiri ali ndi holo yakale, kaya ya khonsolo, ya mishoni kapena ija ankaonetseramo kanema nthawi ya atsamunda. Ambiri mwa maholowa lero mumagona mileme, ndipo ana a sukulu akafuna kukonzekera mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, amakaphunzirira pansi pa mtengo. Yathu tinaidzutsa ife anthu wamba: aphunzitsi, amayi a pamsika, anyamata a zisudzo ndi abale athu ali ku Joni. Njira yake ndi iyi.

Yambani ndi mapepala, osati tsache. Pitani kukhonsolo mukafunse kuti holoyo ndi ya ndani, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Kenako mulembe mgwirizano wonena bwinobwino amene adzasunge makiyi, amene adzatolere ndalama za lendi, ndiponso ngati holoyo idzabwerekedwe kumisonkhano ya ndale. Holo ikadali bwinja palibe amaikumbuka, koma ikangowala eni ake amachuluka. Ngati nyumbayo ndi yakale kwambiri, funsaninso ku nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala, chifukwa lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 sililola kusintha nyumba yotetezedwa popanda chilolezo. Ndipo mlonda mumulembe tsiku lomwelo. Amene mukukumbukira mmene Blantyre Cultural Centre inazulidwira katundu Afalansa atachokamo mu 2011 mukudziwa chifukwa chake.

Za komiti sinditaya nthawi, mukudziwa kale kusankha wapampando. Chokhacho n'chakuti ndalama zikhale kubanki, osainira atatu, osati mu Mpamba kapena Airtel Money ya msungichuma. Risiti iliyonse ijambulidwe n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp. Akunja amatumiza kachiwiri akaona kumene yoyamba inapita. Ndalama ikalowa, gulani katundu sabata yomweyo. Amene ankasunga ndalama ya zomangira mu Novembala 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, anagona ndi ndalama ya matumba ambiri a simenti n'kudzuka ndi ya ochepa. A phungu akabwera ndi thandizo la CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera, landirani ndi manja awiri, bola asabwere ndi penti wa mtundu wa chipani.

Tsopano denga. Apa ndipo pagona ntchito yonse, ndipo apa ndi pamene ifeyo tinalira. Ntchitoyi igwiridwe pakati pa Meyi ndi Okutobala. Kusasula denga mitambo itayamba kusonkhana n'kuitanira mvula m'makoma.

Musanachotse lata ngakhale limodzi, kwerani ndi kalipentala wamkulu, tochi ndi sikuludilaiva, mubaye mtanda uliwonse. Polowa mosavuta ndiye kuti chiswe chadya kale mkati ngakhale kunja kukuoneka bwino. Nyumba zambiri zakale, makamaka za kum'mwera, anazifolera pa mitanda ya mkungudza wa ku Mulanje, mtengo womwe chiswe sichiukonda. Mukaupala pang'ono umanunkhirabe mpaka lero. Mtengowu ndi wotetezedwa tsopano, simungaupezenso mwalamulo pamsika, choncho mmisiri akakuuzani kuti "bwana, izi zonse zatha, tingotaya", muyang'anitsitseni. Ena amafuna akausandutse zitseko kwawo. Lembani nambala pa mtanda uliwonse wotsitsidwa, ndipo wabwino ubwerere pamalo pake.

Ife matabwa atsopano tinagula kwa wogulitsa wina, dzina ndisunga, yemwe analumbira kuti ndi paini wa ku Chikangawa wothiridwa mankhwala. Matabwawo anafika obiriwira bwino, mtengo wake wotsikirako, aliyense n'kusangalala. Mvula yoyamba itangodutsa tinayamba kuona timizere ta dothi tikukwera khoma la kuseri kwa siteji. Kalipentala atadula thabwa limodzi, mkati munali moyera mbee. Mankhwala aja anali utoto wongopaka pamwamba. Kuonjezera apo matabwawo anali aawisi, ndiye pouma anapindika n'kukoka misomali, malata n'kuyamba kudontha m'mabowo. Mbali yonse ya kumvuma tinaisasula kachiwiri, ndipo ndalama ya mipando inathera pamenepo. Wogulitsa uja foni yake sinapezekenso.

Ndiye inu chitani chonchi. Pogula tengani sowo, musankhe nokha thabwa la pakati pa mulu, mulidule pamaso pa mwini wake. Mankhwala enieni amalowa mkati, sathera pakhungu. Akakana kuti mudule, nyamukani. Thabwa lolemera modabwitsa ndi laliwisi. Lisanjikeni pamthunzi, timitengo pakati, liume kaye. Malo onse amene mwadula kapena kuboola apakeni mankhwala oteteza matabwa a Solignum. Ena amapaka oyilo wakutha wa galimoto poti ndi wotchipa, koma m'nyumba yodzaza anthu ndi mawaya a magetsi ineyo sindingavomere, ndipo fungo lake nthawi yotentha limathamangitsa oonerera. Yendani kuzungulira maziko, chulu chilichonse chapafupi chikumbidwe mpaka manthu wa chiswe atuluke, m'dzenjemo muthire mankhwala.

Malata nawo ali ndi chinyengo chawo. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: geji 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Pali ogulitsa amene amalemba 28 pa risiti koma pa lole akweza 32. Tengani kachidutswa ka 28 yeniyeni m'thumba, mufananize musanalipire. Holo ndi yaitali, mphepo ya mkuntho imayamba ndi lata lopyapyala. Mukapeza denga kapena siling'i ya asibesitosi, musaiswe ndi hamala kapena kuidula ndi galainda, fumbi lake limawononga mapapo. Inyowetseni, muitsitse yathunthu mutavala zotchinga kukamwa, ndipo a zaumoyo kukhonsolo akuuzeni kokataya. Siling'i yatsopano musaiiwale: popanda iyo mvula ikagwa pa malata, wosewera angakuwe bwanji, wa kumbuyo samva kanthu.

Makoma akale ambiri anamangidwa ndi njerwa zootcha zomatidwa ndi dothi kapena laimu. Mukawapaka pulasitala wa simenti yokhayokha, chinyezi chimatsekeredwa mkati, njerwa zimafumbutuka, pulasitalayo n'kugwa chigamba chonse. Sakanizani laimu ndi mchenga, ndipo pezani mmisiri wachikulire amene anagwirapo nyumba za mishoni. Kumbani ngalande kuti madzi a padenga asaime m'mbali mwa khoma. Penti abwere pamapeto penipeni, ngakhale komiti ikakamire kuti anthu aone kuti ntchito ikuyenda.

Zotsalazo n'zodziwika. Mawaya akale onse azulidwe, ndipo aike atsopano ndi wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, apo ayi a ESCOM sakulumikizani. Zitseko zizitsegukira kunja, ndipo zikhale zosachepera ziwiri. Siteji ya matabwa imamveka bwino kuposa ya simenti, pansi pake musiye mpata wa mpweya. Mipando ya pulasitiki imayenda yokha kupita kumaliro ndi kumaukwati osabwerera, choncho mabenchi olemera ndi abwino. Chimbudzi chikonzedwe musanaitane mlendo wolemekezeka.

Chisanafike chionetsero choyamba, katengeni chilolezo cha malo a zisangalalo ku bungwe la boma lounika zisudzo ndi mafilimu, mukaonanenso ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, pa za nyimbo zomwe muziimba. Loweruka muzibwereketsa kwa a ukwati, Lamlungu m'mawa kwa a mpingo, koma mumgwirizano muja mulembe masiku a zisudzo amene sagulitsidwa kwa wina aliyense. Gawo la lendi iliyonse lizipita ku thumba la denga, ndipo chaka chilichonse mvula isanayambe wina akwere ndi tochi.