Mmene mungatsatire mzere wa makolo a mayi wolemekezeka wa ku Scotland wakale: chitsanzo cha Dervorguilla wa ku Galloway

Mukafuna kudziwa makolo, mwamuna ndi ana a mayi wa m'banja la eni dziko ku Scotland wa m'zaka za m'ma 1200, musataye nthawi kufunafuna kaundula wa ubatizo. Kaundula wa mpingo wakale kwambiri amene alipo m'dzikolo ndi wa 1553, ndipo boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira mu 1855. Mayi wa nthawi imeneyo mumamupeza potsata malo: amene bambo ake anamusiyira, amene anapita nawo kubanja, ndi amene anapereka kwa amonke. Apa tigwiritsa ntchito Dervorguilla wa ku Galloway (dera la kumwera chakumadzulo kwa Scotland), amene anamwalira pa 28 Januwale 1290, mayi ake a John Balliol, mfumu ya Scotland.

Yambani ndi dzina. Alembi ankalemba m'Chilatini, aliyense monga khutu lake lamvera, choncho mudzakumana ndi Dervorguilla, Devorgilla, Dervorgilla, komanso Derbforgaill. Lembani kalembedwe konseka, ndipo kalikonse mukafufuze pakokha mu People of Medieval Scotland, nkhokwe yaulere ya pa intaneti imene inasonkhanitsa anthu otchulidwa m'makalata a pakati pa 1093 ndi 1371. Mukapeza dzinalo musafulumire kukondwa. Azakhali ake, mlongo wa bambo ake, analinso Dervorguilla, ndipo anakwatiwa ndi Nicholas de Stuteville. Mwamuna wa Dervorguilla wathuyu anali John Balliol, mwana wake nayenso John Balliol. Agogo ake aamuna ali ndi vuto lina: m'makalata ena ndi Roland, m'makalata enanso ndi Lachlan, koma munthu ndi mmodzi. Mankhwala ake ndi kusalemba dzina lokha. Pambali pa dzina lililonse ikani malo ndi chaka cha kalata imene mwalipezamo.

Tengani pepala lalikulu ndi pensulo, osati cholembera cha inki, chifukwa mudzafufuta kambirimbiri. Kumanzere ikani akuchimuna, kumanja akuchikazi.

Kuchimuna sikuvuta. Bambo ake a Dervorguilla ndi Alan, mwini Galloway, amene anamwalira mu 1234. Alan anali mwana wa Roland, womwalira mu 1200, ndi Helen de Morville. Roland anali mwana wa Uhtred, amene anaphedwa mu 1174 pa mkangano ndi m'bale wake Gille Brigte, ndipo Uhtred anali mwana wa Fergus, womwalira mu 1161. Pa Fergus imani. Palibe kalata ya nthawi yake imene imatchula bambo ake, ndiye mukaona tsamba la pa intaneti likupitiriza mzerewo mibadwo khumi kumbuyo, dziwani kuti wina wangolumikiza zimene zamukomera.

Ntchito yeniyeni ili kuchikazi. Alan anakwatira kangapo, ndipo ana ake aakazi atatu amene anagawana Galloway sanali a bere limodzi. Helen, amene anakwatiwa ndi Roger de Quincy, anali wa mkazi woyamba. Christina, mkazi wa William de Forz, ndi Dervorguilla anali ana a Margaret, amene Alan anamukwatira mu 1209. Margaret ameneyu anali mwana wamkazi wamkulu wa David wa ku Huntingdon, mng'ono wa mfumu William, mdzukulu wa mfumu David I. Magazi achifumu analowa kudzera mwa Margaret yekha. Mukalakwitsa n'kuika Helen pansi pa Margaret, zonse zotsatira zasokonekera, pakuti mudzasowa chifukwa chimene zidzukulu za Helen sizinapikisane nawo mpando wachifumu wa Scotland kudzera mwa iye pa mlandu wa 1291 mpaka 1292.

Mungatsimikize bwanji kuti uyu ndi wa mimba iyi, uyo wa mimba ina? Onani amene anagawiridwa chuma chamasiye, ndi amene sanalandireko. Alan atamwalira, malo ake anagawidwa patatu, chifukwa atatu onsewo anali ana ake a m'banja. Mwana wake wamwamuna, Thomas, anali wa kunja kwa banja. Anthu a ku Galloway anamufuna iye ndipo anaukira mu 1235, koma mfumu Alexander II inathetsa kuukirako, Thomas n'kukatsekeredwa zaka zambirimbiri ku Barnard Castle, mudzi wa a Balliol. Kenako mu 1237 amalume ake a Dervorguilla, John wa ku Huntingdon ndi Chester, anamwalira opanda mwana. Pa chuma chimenechi gawo la Margaret linapita kwa Christina ndi Dervorguilla, Helen sanaonepo kanthu. Umboni ndi umenewo. Christina atamwaliranso wopanda mwana mu 1246, Dervorguilla anatsala yekha pa bere la Margaret.

Chidindo cha mayiyo musachiphonye. Cha Dervorguilla, chimene chili pa malamulo amene anapatsa Balliol College ku Oxford mu 1282, chili ndi zishango zinayi zosonyeza mabanja: cha Galloway, cha Balliol, cha Huntingdon ndi cha Chester. Bambo, mwamuna, agogo aamuna akuchikazi, ndi agogo aakazi, Matilda wa ku Chester, onse ali pa kachidutswa kamodzi ka phula. Ndi mwiniwake amene akukuuzani kumene anachokera.

Chilatini chonse simukuyenera kuchidziwa, koma mawu ochepa awa muwaloweze. Filia ndi mwana wamkazi, uxor ndi mkazi wa munthu, relicta ndi mayi wamasiye, ndipo quondam kutsogolo kwa dzina nthawi zambiri amasonyeza kuti munthuyo ndi malemu pamene kalatayo ikulembedwa. Maritagium ndi malo amene mkazi anapita nawo kubanja kuchokera kwao, ndipo amakulozerani kwa bambo ake. Amene amagwetsa anthu ambiri ndi nepos, chifukwa angatanthauze mdzukulu kapena mwana wa m'bale. Musasankhe tanthauzo musanaone kalata ina yachiwiri.

Pa masiku samalani ndi miyezi itatu yoyambirira ya chaka. Alembi ambiri ankayamba chaka pa 25 Malichi, ndipo Scotland inasamutsira chiyambi cha chaka ku 1 Januwale mu 1600. N'chifukwa chake imfa ya Dervorguilla mungaipeze italembedwa 1289 kwina, 1290 kwina, kapena 1289/90, tsiku lili lomwelo. Kusiyana kwina sikuchokera pamenepo ayi. Ukwati wake masamba ena amauika mu 1223, pamene mbiri imene amonke a ku Melrose ankalemba chaka ndi chaka imauika mu 1233. Zikatere lembani zonse ziwiri, koma tsamirani kwa amene analipo nthawiyo.

Musakakamire makalata a ku Scotland okha. Ambiri anatayika: ena anatengedwa m'nthawi ya Edward I, mfumu ya ku England, ena anamira m'nyanja powabweza kuchokera ku London ulamuliro wa Oliver Cromwell, amene analamulira England ndi Scotland m'zaka za m'ma 1650, utatha. Mwayi ndi wakuti mabanja otere anali ndi malo mbali zonse ziwiri za malire. Dervorguilla anali ndi Fotheringhay ndi Kempston ku England, ndipo kumeneko munthu wokhala ndi malo ochokera kwa mfumu akamwalira pankachitika kafukufuku wolemba malowo, mlowam'malo ndi zaka zake. Wa 1290 ndi amene amatiuza kuti mwana wake John anali ndi zaka pafupifupi 40. Zambiri zotere Joseph Bain anazifupikitsa m'Chingerezi mu Calendar of Documents relating to Scotland.

Ana muwandandalike potsata mmene malo anayendera. Mwamuna wa Dervorguilla atamwalira mu 1268, chuma cha a Balliol chinapita kwa Hugh, amene anamwalira mu 1271, kenako kwa Alexander, womwalira mu 1278, n'kudzafika kwa John wamng'ono. Ana aakazi muwafune m'makalata a amuna awo. Eleanor anakwatiwa ndi John Comyn wa ku Badenoch, ndipo mwana wawo ndi John Comyn uja anaphedwa ndi Robert Bruce ku Dumfries mu 1306.

Pepala lanu muliyese ndi mlandu wa mpando wachifumu wa 1291 mpaka 1292. Robert Bruce wamkulu (agogo ake a Robert Bruce anapha Comyn uja), mwana wa Isabel mng'ono wake wa Margaret, ankati iye ndi mdzukulu weniweni wa David, pamene Balliol ndi mdzukulutuvi chabe. Balliol ankati iye ndi wa bere lalikulu. Edward I anagamula mokomera Balliol pa 17 Novembala 1292. Ngati pepala lanu likusonyeza bwino mfundo ziwiri zonsezi, mizere yanu yakuchikazi yaima bwino.

Nkhani yotchuka yakuti Dervorguilla anasunga mtima wa mwamuna wake m'kabokosi ka minyanga ya njovu muilembe ndi pensulo yopepuka. Kuti anakhazikitsa nyumba ya amonke mu 1273 kufupi ndi Dumfries, imene inatchedwa Dulce Cor, lero Sweetheart Abbey, ndiponso kuti anaikidwa mommo, zimenezo n'zotsimikizika. Koma tsatanetsatane wa kabokosiko timamumva kwa Andrew wa ku Wyntoun, amene analemba cha m'ma 1420, patapita zaka pafupifupi 130 mayiyo atamwalira. Pambali pa nkhaniyo lembani dzina lake ndi chaka chimenecho.