Momwe munganyamutsire kandege bwinobwino pa bwalo laling'ono

Tindege timene timatera ku Makokola, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ma Cessna aja, ponyamuka mpamene pamafunika maso kwambiri, chifukwa ndege imakhala yolemera ndi mafuta, liwiro lisanakwane, komanso mitengo ili pafupi. Izi ndikulembera achinyamata amene akuphunzira upayiloti, koma okwera nanunso werengani, zikukukhudzani.

Yambani ndi kuliona bwalolo. Mbuzi, ng'ombe, ana, wakabaza wodula njira, dzenje, matope mvula ikagwa usiku. Tumani munthu athamangitse ziweto musanalize injini.

Kenako masamu, ndipo apa mpamene ambiri amachita ulesi. Nyanja yathuyi ili pamamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye wina amati aaa ndi pansi pomwepa palibe vuto, koma kutentha kwa Okutobala kuja kumapepukitsa mpweya, mapiko sagwira bwino, injini nayo mphamvu imachepa, ndege imangothamanga osafuna kudzuka. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, mtunda wonyamukira umatalika ndi 10 peresenti. Udzu wouma umawonjezera 20 peresenti, wonyowa 30, nthaka yofewa 25 kapena kuposa. Ndipo izi zimaunjikana, ndiye bwalo limene linakukwanirani 6 koloko m'mawa litha kukuchepelani 1 koloko masana. Tsegulani buku la ndegeyo muwerengetse, osati zoganizira. Masamu akakana, dikirani kuzizire basi.

Katundu apite pa sikelo, anthunso anene kulemera kwawo kwenikweni, manyazi asiyeni. Kulemera kukapitirira ndi 10 peresenti, mtunda umatalika ndi 20 peresenti. Kabokosi ka chambo cha mu ayisi kaja nakonso kawerengedwe, ndipo zolemera zisaunjikane kumchira. Bwana ali yense wokakamiza kuti "tiyeni tachedwa", payiloti amukanire mwaulemu koma amukanire ndithu.

Mafuta: tapani pang'ono pansi pa phiko lililonse m'kabotolo kooneka mkati. Avgas 100LL, petulo wa tindegeti, ndi wa buluu, madzi akakhalamo amakhazikika pansi ngati timikanda. Tapani mpaka atheretu.

Mphepo ikhale yokuombani kumaso. Onani kathumba kansalu kaja kali pamtengo, makamaka nyengo ya mwera pamene mphepo imawomba mwamphamvu kuchokera kummwera. Mphepo yakumsana, ngakhale yochepa, imadya bwalo. Funsaninso za nyengo ya kumene mukupita, sitinaiwale za ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, pamene ndege inagwa kunja kutachita chifunga n'kupha a Saulos Chilima ndi anthu ena 8.

Tsopano musanapatse moto sankhani chizindikiro pakati penipeni pa bwalo, kaya ndi mtengo wa mgwalangwa kaya mwala wopaka laimu. Yambirani kumapeto kwenikweni, musataye ndi mita imodzi yomwe. Mukafika pachizindikirocho liwiro lisanafike 70 peresenti ya lonyamukira, mwachitsanzo ngati mumadzuka pa 55 knots (muyeso wa liwiro la ndege) koma singano sinafike pa 39, chotsani moto, gwirani mabuleki. Palibe zoti mwina itheka.

Matayala akasiya pansi musathamangire kukoka mphuno. Pafupi ndi nthaka ndege imatha kuyandama liwiro lisanakwane, mukaikakamiza kukwera imabwerera pansi, ndiye isiyeni kaye itole liwiro lolembedwa m'buku kenako muzikwera.

Injini ikazima mutangodzuka kumene, tsitsani mphuno nthawi yomweyo, mukatere kutsogolo kapena chakumbali pang'ono, m'munda kapena patchire lochepa. Mtima umafuna kukhota kubwerera ku bwalo, koma kukhota muli pansi pansi opanda liwiro kwapha apayiloti ambiri. Malo okaterawo muwasankhiretu muli pansi, ndipo okwera muwauziretu kamangidwe ka malamba ndi katsekulidwe ka chitseko.