Kupinda ndi kung'amba miyala m'bokosi la mchenga

Ana amene ndimawaphunzitsa kuno ku Zomba savuta kuvomereza kuti nthaka imang'ambika. Koma ukawauza kuti thanthwe limapindika ngati mphasa, amafuna aone ndi maso. N'chifukwa chake timapanga bokosi ili.

Khomani bokosi lamatabwa lotalika masentimita 60, mbali imodzi muikeko galasi, ndipo mudule kathabwa kolowa bwino m'katimo kokankhira. Mchenga wa mumtsinje wa Likangala ndi wabwino, koma muusefe ndi kuuyanika mpaka uumiretu. Apa musachitepo ulesi: wouma umaduka motsata mizere monga imachitira miyala pansi pa nthaka, pomwe wonyowa umangogumuka zibuma. Thirani mchenga wochindikala sentimita imodzi, salazani, wazani ufa woyera chakugalasi, mchenganso, kenako makala osinja. Sanjikizani choncho osatsendera.

Tsopano kankhani kathabwa kaja pang'onopang'ono, maso ali pagalasi. Mizere ya ufa ndi makala ija imayamba yakhota kaye, kenako mng'alu wopendekeka pafupifupi madigiri 30 umatulukira pansi, mbali imodzi n'kukwera pamwamba pa inzake. Yang'anitsitsani kumene mng'aluwo wathera. Mizere ya pamwamba pake sinaduke, yangopindika, ndipo mchenga watumphuka kukhala kachitunda. Mukapitiriza, mng'alu wina umabadwa kutsogolo. Jambulani ndi foni nthawi iliyonse mwasuntha sentimita imodzi.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri ndi kukoka, chifukwa ndiyo nkhani ya dziko lathu. Yalani makatoni awiri opyapyala pansi, imodzi igone pang'ono pa inzake, sanjikizaninso mchenga, n'kukoka katoni imodzi pamodzi ndi kathabwa. Pakati pamatitimira, mbali zonse pali ming'alu yoimirira kwambiri, ya madigiri 60 kapena cha pomwepo. Umu ndi mmene chinapangikira chigwa chimene muli Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire. Mukaima pa Chingwe's Hole, dzenje la pamwamba pa phiri la Zomba, n'kuyang'ana kumadzulo, chigwa mukuchiona kumunsicho chinatsika motsata mng'alu wodutsa cha kutsinde kwa phiri. Ming'alu yotereyi ikadali yamoyo. Ndiyo inagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009.

Ana asasokoneze chinthu chimodzi: phiri la Zomba silinachite kupindika. Ndi mwala wosungunuka umene unazizira pansi pa nthaka, zapamwamba pake zitakokoloka n'kuonekera.