Nkhosa ikupirira ludzu, koma ikulipira ndi thupi lake

Masabata awiri apitawa ndakhala ndikuyendera makola m'midzi yozungulira Ngabu, ndipo zomwe ndaona zandiwawa. Dzuwa la Okutobala lafika poipa, masana ena kutentha kukupitirira madigiri 40, madambo auma gwa. Ng'ombe zikupita ku mjigo tsiku ndi tsiku, koma nkhosa zikumwetsedwa kamodzi pa masiku awiri, kwina atatu. Ukafunsa chifukwa, yankho n'limodzi khomo lililonse: nkhosa imapirira.

Kupirira imapiriradi. Chomwe alimi sakuona ndi mtengo wake. Thupi la nkhosa limafuna kukhala pa madigiri pafupifupi 39. Nkhosa situluka thukuta lambiri ngati munthu, ndiye kukatentha imadziziziritsa ndi kupuma mofulumira. Ikakhala pamthunzi kunja kuli bwino imapuma ka 20 kapena ka 30 pa mphindi, koma masana ano ikupitirira ka 100, nthiti zikungoti wefuwefu. Mpweya ukamadutsa m'mphuno monyowa, chinyezicho chimauma n'kuziziritsa magazi, ndipo magazi amenewo amakaziziritsanso omwe akupita ku ubongo. Nzeru zake n'zodabwitsa ndithu. Koma mpweya uliwonse ikutulutsawo ukupita ndi madzi.

Madziwo imayamba kuwatapa m'chifu chake chachikulu, chomwe chimasunga malita angapo ngati nkhokwe. Impso zimafinya mkodzo kuti utuluke pang'ono, wachikasu kwambiri komanso wonunkha. Matumbo amayamwa madzi onse mu ndowe, n'chifukwa chake mukuona timibulu tating'ono touma ngati mtedza wokazinga. Zonsezi zikapanda kukwanira, nkhosa imachepetsa kudya, poti udzu wouma sugayika popanda malovu ndi madzi, komanso chakudya chikamasasa m'chifu chimatulutsa kutentha kwina. Apa ndi pomwe ndalama yanu imayamba kusungunuka. Mungaiikire makoko a nandolo kapena masangwe abwino chotani, yaludzu imangonunkhiza n'kuchoka.

Bambo ena omwe ndinawapeza akusenga zigubu za ng'ombe pangolo anandiyankha mwamphamvu. "Alangizi, inutu zimenezi simukuzidziwa. Nkhosa zathu zamakolozi madzi zimasunga kumchira, agogo athu ankatero." Ndinawapempha agwire imodzi. Mchira womwe mu Juni ukanadzaza dzanja unali utafota, ukungolendewera ngati kathumba kopanda kanthu. Ndinati, bambo, mumchiramu mumakhala mafuta, ndiwo chakudya cha nthawi ya chilala, ndipo atha chifukwa nkhosayi sikudya. Anakhala chete, kenako anandiuza kuti ana atatu a nkhosa afa mwezi womwe uno, ndipo amaganiza kuti ndi matenda. Titakama make mmodzi panatuluka timadontho chabe. Magawo anayi mwa asanu a mkaka wa nkhosa ndi madzi. Make akapanda kumwa, mwanayo ayamwa chiyani?

Zandikwana kumva kuti makolo ankatero. Makolo ankaweta pomwe madambo anali ndi zithaphwi mpaka Novembala, mitengo ili ponseponse, nkhosa zikumwa zokha popanda wozilondola. Lero mitengo tinaotcha makala. Nkhosa zikuima pamtetete dzuwa lili paliwombo, zitaunjikana, iliyonse italowetsa mutu kunsi kwa mimba ya inzake kufuna mthunzi, mnyamata woweta ali phee pansi pa kachitsamba.

Kuluza kwina sikuoneka lero. Nkhosa yamphongo ikatenthedwa kwambiri umuna wake umaonongeka, ndipo pamatenga masabata 6 mpaka 7 kuti ubwerere mwakale. Imakwera bwinobwino koma zazikazi sizitenga bere. Zomwe zatenga kumene zimatha kutaya bere osadziwika, ndipo zomwe zafika nalo kumapeto zimaswa tiana tonyentchera. Bere la nkhosa ndi miyezi isanu, choncho cholakwa cha mwezi uno mudzachiona m'khola cha mu Malichi. Kwa inu onenepetsa nkhosa zofula ndi madeya, samalani kawiri: madeya ambiri madzi ochepa zimayambitsa timiyala m'chikhodzodzo totseka njira ya mkodzo. Mudzaiona ikudzikanika, ikukukuta mano, mkodzo osatuluka, ndipo nthawi zambiri imathera kumpeni. Amene munagula mphongo za Dorper musanamizidwe kuti poti mtunduwu unachokera kumadera ouma a South Africa ndiye sufuna madzi. Imakula msanga chifukwa imadya kwambiri, ndipo yodya kwambiri imamwanso kwambiri.

Chochita n'chachidule. Mwetsani tsiku lililonse, m'mawa zisanapite kubusa ndi madzulo zikabwerako. Nyengo ino werengerani malita 5 pa nkhosa, yoyamwitsa mpaka 10. Nkhosa 10 ndi zigubu ziwiri ndi theka za malita 20, kuposa apo ngati pali zoyamwitsa. Chomwera chikhale pamthunzi ndipo muzichitsuka, nkhosa imakana madzi otentha ndi akuda. Zitulutseni mbandakucha, zipume kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 3, makamaka pansi pa nsangu, womwe umakhala ndi masamba chilimwe chino ndipo nyemba zake ndi chakudya. Musaziyendetse, kuzifula kapena kupita nazo kumsika masana. Mukaona ina ikupumira kukamwa lilime lili panja, kapena khungu la pakhosi mukalitsina likuchedwa kubwerera, inyamuleni mupite nayo pamthunzi, ithireni madzi m'miyendo ndi kunsi kwa mimba, muipatse akumwa pang'onopang'ono. Ikapanda kudzuka, itanani alangizi a ziweto a m'dera lanu tsiku lomwelo.