Mnzanu akakuitanani ku mwambo wa Wicca: zoyenera kudziwa musanapite

Amene timagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England timakumana ndi anthu a zipembedzo zamitundumitundu. Tsiku lina mudzaona mnzanu wa pantchito atavala mkanda wokhala ndi nyenyezi ya nsonga zisanu mkati mwa mzere wozungulira. Mwina ameneyo ndi wa Wicca, ndipo mukazolowerana akhoza kukuitanani ku mwambo wawo. Ine ndidakali mu mpingo wanga, koma ndinapitako ngati mlendo, ndiye ndikufotokozereni kuti kaya mupite kaya mukane, muchite mukudziwa.

Choyamba, dziwani kuti chipembedzochi si chakalekale monga ena amanenera. Amene anachibweretsa poyera ndi Gerald Gardner, Mngelezi amene anagwirapo ntchito ya boma ku Malaya. Iye ankati analowetsedwa m'kagulu kachinsinsi ka ku New Forest, dera la kum'mwera kwa England, mu 1939, ndipo analemba buku lofotokoza zimenezi mu 1954, patangopita zaka zitatu dziko la Britain litachotsa lamulo lakale lokhudza ufiti. Mapemphero awo ambiri okoma anawakonza ndi mayi Doreen Valiente, amene analowa mu 1953. Katswiri wa mbiri yakale wa pa yunivesite ya Bristol, Ronald Hutton, anaonetsa kuti Wicca inalukidwa m'zaka za m'ma 1900 kuchokera ku miyambo yosiyanasiyana, ndipo ambiri mwa eni ake sakananso zimenezo. Pa kalembera wa 2021, anthu pafupifupi 13,000 ku England ndi Wales analemba kuti ndi a Wicca.

Amapembedza milungu iwiri: mulungu wamkazi amene amamugwirizanitsa ndi mwezi ndi dziko lapansi, ndi mulungu wamwamuna wa nyanga, wa nkhalango ndi nyama zakutchire. Nyangazo ndi zimene zimaopsa Akhristu ambiri, koma a Wicca sakhulupirira kuti kuli Satana. Alibe buku lopatulika limodzi kapena mtsogoleri wa onse. Lamulo lawo lodziwika ndi lakuti chita chimene ukufuna bola usavulaze aliyense, ndipo ambiri amakhulupirira kuti chimene wachitira mnzako chimakubwerera katatu.

Apa ndichedwepo pang'ono. Eni ake amadzitcha ma witch, kutanthauza afiti, ndipo ife tikamva choncho mtima umapita ku zotamba usiku ndi kufukula manda. Zimenezo mulibemo. Mulibe nsembe za magazi, mulibe kulodza m'bale kuti ulemere. Koma ndisakunamizeni, zamatsenga amachita ndithu: amayatsa kandulo ya mtundu wina wake, amafukiza zitsamba, amaimba mobwerezabwereza pofuna kuti wodwala achire kapena wina apeze ntchito. Ngati chikumbumtima chanu sichikulola kuima pamalo otero, kanani mwaulemu. Sakopa anthu kuti alowe, ndipo sangakukwiyireni. Komanso samalani polankhula ndi akumudzi pafoni. Mawu akuti mfiti aphetsa agogo osalakwa kwathu, ndipo si mawu oti muziseweretsa pa dzina la mnzanu kapena lanu.

Mukavomera, funsani kuti ndi mwambo uti. Ali ndi zikondwerero zisanu ndi zitatu pachaka zotsata nyengo za kuno, kuwonjezera pa misonkhano ya mwezi ukakhala wathunthu. Zimene alendo amaitanidwa kawirikawiri ndi Beltane ya pa 1 Meyi, yolandira nyengo yofunda, Yule ya cha pa 21 Disembala pamene usiku umatalika kwambiri, ndi Samhain ya pa 31 Okutobala. A Wicca a ku South Africa ambiri amatembenuza kalendalayi, poti Disembala kumeneko ndi nthawi yotentha. Mwa zonsezi Samhain ndi imene inandifika pamtima, chifukwa ndi usiku wokumbukira omwalira. Anthu amabwera ndi zithunzi za makolo awo, kuziika patebulo, n'kumatchula mayina mmodzimmodzi. Mukafuna tengani chithunzi cha malemu anu. Mukapanda kufuna palibe akufunseni.

Valani zofunda ndi nsapato zolimba, chifukwa nthawi zambiri zimachitikira panja ndipo Okutobala wa kuno sachita chibwana. Tengani kachakudya koti mudzagawane pomaliza. Foni zimitsani.

Mwambo umayamba ndi kujambula bwalo. Wotsogolera, kawirikawiri wansembe wamkazi, amazungulira atanyamula ndodo kapena mpeni wa chigwiriro chakuda wotchedwa athame, kulowera mbali imene muvi wa wotchi umayendera. Mpeniwo sadulira chilichonse, ndi wolozera basi, koma musaukhudze, pamodzi ndi chikho ndi zina zonse za paguwa, mwini wake asanakuloleni. Kenako amaitana mbali zinayi: kum'mawa kwa mpweya, kum'mwera kwa moto, kumadzulo kwa madzi, kumpoto kwa nthaka. Anzanu akatembenukira mbali ina, tembenukirani komweko. Wotsogolera akamaliza pemphero onse amayankha kuti "So mote it be" (zikhale choncho), kapena "Blessed be" (mudalitsike). Kukhala chete si mlandu.

Bwalo likatsekedwa musangodumpha mzere n'kutuluka, kumeneko ndiye kulakwa kwakukulu kwa mlendo. Mukafuna kupita kukadzithandiza, nong'onezani wotsogolera, akutsegulirani khomo ndi mpeni uja n'kulitsekanso mukadutsa. Chakumapeto amadalitsa makeke ndi vinyo, chikho n'kumayenda dzanja ndi dzanja. Ife osamwa timangochilandira n'kupatsira wotsatira, ndipo magulu ambiri amaikanso madzi a maapozi.

Musajambule zithunzi, ndipo musakatchule kuntchito kapena pa Facebook amene munawaona. Ena abale awo sadziwa, ena amaopa kusekedwa ndi abwana.

Mwina munamvapo kuti amavina ali maliseche. Magulu ena otsata Gardner amachitadi zimenezo, koma pa misonkhano yotseka ya olowetsedwa okhaokha, kagulu kosapitirira anthu 13. Mwambo woitanirako alendo umachitika anthu atavala. Kulowa m'kagulu kotero si za tsiku limodzi: mwambo wawo umati munthu aphunzire kaye chaka chathunthu ndi tsiku limodzi, akhale woposa zaka 18, ndipo kulowetsedwa salipiritsa. Choncho wina akakuuzani kuti muvule, mugone naye kapena mulipire mapaundi ambirimbiri kuti mulandire mphamvu, nyamukani, ameneyo ndi tambwali. Mukafuna kutsimikiza ngati gulu lili lodziwika, funsani ku Pagan Federation, bungwe la zipembedzo zonga Wicca limene lilipo kuyambira 1971 ndipo lili ndi oimira m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lino.